Tikutsukidwa magazi osayezedwa: dandaulo la odwala impso a ku Champhira

Ife amene talemba dandauloli ndife odwala impso pamodzi ndi magadiyani athu, ochokera ku Champhira ndi madera oyandikana nawo kumwera kwa boma la Mzimba: ena ku Jenda, ena cha ku Luwerezi ndi ku Khosolo, ena njira ya ku Embangweni. Kumudzi sitinkadziwana. Tinadziwana pa benchi lodikirira makina otsuka magazi, pomwe umamva mnzako akuyankha foni m'Chitumbuka, n'kumufunsa kuti kwawo n'kuti. Wina impso zake zinatha ndi BP, wina ndi shuga, wina atataya magazi ambiri pobereka, ndipo wina mpaka lero sanauzidwe chimene chinaziwononga. Mayina athu sitilemba. Sititchulanso chipatala kapena munthu aliyense pa zimene zatipweteka, chifukwa tonse sititsukidwira malo amodzi, komanso sabata yamawa tikagonanso pa mabedi omwewo, m'manja mwa anthu omwewo. Tikulankhula ndi inu akuluakulu amene mumagawa ndalama za zaumoyo ndi kugula zipangizo za m'zipatala. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake tabwera tokha.

Mwina mukuyembekeza kuti tipempha makina pa Jenda. Tikadakonda atakhalapo, koma lero tabwerera chinthu chaching'ono, moti ena atiseka. Tikufuna kuti magazi athu aziyezedwa nthawi ndi nthawi, kuphatikizapo mchere wina wa m'thupi wotchedwa magineziyamu, zotsatira zake zizilembedwa m'mabuku athu a kuchipatala, ndipo ife eni ake tiziuzidwa. Pakali pano timalandira malamulo ambiri a chakudya, a madzi ndi a mankhwala, koma manambala amene malamulowo amayenera kuchokerapo sitiwaona kawirikawiri. Magineziyamu ndiye ambiri a ife sitinayezedwepo chiyambire kugona pa makina.

Kuyamika kulipo, ndipo tikuyamika. Makina oyamba otsuka magazi m'chipatala cha boma anafika pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe mu 1998, ndipo pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre anayamba mu 2011. M'zipatala za boma thandizo limeneli ndi laulere, chinthu chimene m'mayiko ambiri a mu Africa muno kulibe. Koma kwa zaka zambiri chigawo chonse cha kumpoto chinalibe makina ngakhale amodzi, ndipo munthu wa ku Mzimba impso zikamuthera ankangoyang'ana kumwera. Zipatala zathu zapafupi, cha Katete pa Champhira pomwepa, cha Embangweni ndi cha boma ku Mzimba, zimatithandiza pa malungo, pa uchembere ndi pa matenda ena, koma kutsuka magazi si ntchito ya pa msinkhu wawo. Kuchokera pa Jenda kukafika ku Lilongwe, kudzera pa Nkhamenya, Chatoloma, Kasungu, Madisi ndi Mponela, ndi makilomita oposa 200. Ku Mzuzu nakonso si pakhomo: uyenera kudutsa Chikangawa yense. Kumayiko olemera wodwala ngati ife amatsukidwa katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse. Kuno ndi kawiri. Thiransipoti ikasowa, kapena mafuta akasowa m'mafilingi sitesheni monga zimachitikira, kawiri kaja kamasanduka kamodzi. Ena a ife tinasiya minda n'kukachita lendi ka chipinda m'makomboni a m'tauni kuti tikhale pafupi ndi makina. Ng'ombe zimene zinkayembekeza lobola la anyamata zinapita kwa mabutchala, ndipo ana amene ali ku Joni amatumiza zimene angathe.

Munthu amene walipira zonsezi kuti akagone pa makina ali ndi ufulu wofunsa ngati makinawo akumuchotsa zoyenera kuchotsa ndi kumusiyira zoyenera kusiya.

Zimene tikudziwa za magineziyamu tinazitola pang'onopang'ono, kwa anamwino amene anali ndi mpata wocheza, kwa madokotala ophunzira ntchito amene sanayambe kutopa ndi mafunso, ndi kwa ana athu amene anapita kusukulu. Thupi la munthu wamkulu lili ndi magalamu pafupifupi 25 a mchere umenewu. Woposa theka uli m'mafupa, wambiri wotsalawo uli m'minofu, ndipo umene umayenda m'magazi sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100. Koma kochepa komweko n'kamene kamathandiza kuti mtima uzigunda mwadongosolo, minofu izikoka ndi kumasuka, ndipo mitsempha izitumiza uthenga bwino. Mwa munthu wabwinobwino, pa lita imodzi ya magazi pamakhala mamilimolo apakati pa 0.7 ndi 1.0. Mlonda wa muyezo umenewu ndi impso. Munthu akadya wambiri, impso zimataya wotsalayo mumkodzo. Akadya wochepa, zimamusunga. Ife mlonda ameneyu tilibe. Ambiri a ife sitikodza n'komwe, kapena timangodontheza timadzi tosadzaza kapu tsiku lonse.

Ntchito ya impso inatsalira makina. Magazi amatuluka pa mkono kapena pa kapaipi ka m'khosi, n'kudutsa mu sefa yokhala ndi timapaipi tating'onoting'ono zikwizikwi. Kunja kwa timapaipito kumayenda madzi osakanizidwa ndi michere yochokera m'chigubu. Mchere umene wachuluka m'magazi kuposa m'madzimo umawolokera m'madzi n'kutayidwa. Umene wachepa m'magazi umalowa kuchokera m'madzi. Choncho chigubu chija ndicho chimalamula. M'malo ambiri padziko lapansi madzi amenewa amakhala ndi magineziyamu wa 0.5 pa lita, kutanthauza kuti ali pansi pa muyezo wa munthu wabwinobwino, ndipo ulendo uliwonse makina amatichotsako. Chigubucho n'chimodzimodzi kwa tonse: bambo wamkulu thupi amene amadya bwino, gogo wowonda amene nsima imamukanika, mtsikana amene anaphonya ulendo wapitawu. Pa msika wa Jenda palibe amene amagula nyemba za thumba lonse osaziika pa sikelo, koma ife timachotsedwa ndi kuthiridwa michere chaka chonse popanda woyang'ana kuti tatsala ndi wochuluka bwanji.

Nkhani ya chakudya ndiyo imatiliza kwambiri, makamaka ife a kwathu kuno. Aliyense wodutsa pa M1 amadziwa kuti pa Jenda pamagulidwa tomato, anyezi, mbatatesi, nyemba ndi kabichi, zolimidwa ndi manja athu omwewa. Tsiku loyamba pa makina umauzidwa kuti tomato, mbatatesi, nthochi ndi mapeyala uzisiye kapena uzingolawa, chifukwa zili ndi potaziyamu wambiri, amene akachuluka amaimitsa mtima mwadzidzidzi. Chidulo, chimene amayi athu amaphikira therere, n'choletsedwa kotheratu pa chifukwa chomwecho. Kenako amakuuza kuti mtedza, nyemba, soya, usipa, matemba ndi mgaiwa uchepetse chifukwa cha fosifeti, amene amayabwitsa thupi ndi kuumitsa mitsempha ya magazi. Masamba uziwiritsa m'madzi ambiri, madziwo n'kutaya. Malamulo amenewa si abodza, ndipo tinaikapo anzathu m'manda amene anawanyozera. Koma taonani chimene chimatsala m'mbale: nsima ya ufa woyera, kabichi wowiritsa, mwina dzira. Zakudya zimene zachotsedwazo, mtedza, nyemba, soya, mgaiwa, mawere, nkhwani, bonongwe, ndi zomwezo zimene zimapatsa munthu magineziyamu. Ufa woyera, umene chimanga chake chinakonoledwa, kuviikidwa masiku ndi kuyanikidwa, unataya wambiri pamodzi ndi gaga. Wodwala womvera kwambiri, amene amatsatira lamulo lililonse ndipo saphonya makina, ndiye angathe kutsala ndi wochepa. Ndipo akachepa, minofu imakokana, manja amanjenjemera, mtima umadumphadumpha.

Kukokana kwa minofu tonse timakudziwa. Kumabwera ola lomaliza pa makina, kapena usiku wake utafika kunyumba, katumba n'kuuma gwa, munthu wamkulu n'kumalira ana akumva. Ukadandaula umayankhidwa kuti, "Bambo, mwabwera ndi madzi ambiri, ndiye makina akukoka mwamphamvu. Muzichepetsa kumwa." Nthawi zambiri anamwino amanena zoona, ndipo sitikana kuti ludzu la mwezi wa Okutobala limatigonjetsa. Koma alipo pakati pathu amene amayeza madzi akumwa ndi kabotolo, amene pa sikelo sakwera kwenikweni, koma miyendo imawakokanabe. Amenewa akhala akudzudzulidwa pa mlandu umene mwina si wawo, chifukwa palibe pepala lowaikira umboni.

Mbali inayo ndi yoopsa koposa, ndipo imayambira kumudzi. Odwala impso chilungulira ndi mseru sizitichoka, komanso timadzimbidwa chifukwa cha kumwa madzi ochepa ndi mapiritsi ena amene timalandira. Mankhwala a chilungulira amene Mmalawi aliyense amawadziwa, otafuna aja kapena amadzimadzi oyera, ndi magnesium trisilicate. Ali m'chipatala chilichonse chaching'ono ndi m'mafamase onse. A kudzimbidwa ambiri, monga Milk of Magnesia ndi Epsom salt, nawonso ndi magineziyamu yekhayekha. Kwa munthu wa impso zabwino mankhwala amenewa ndi abwino ndithu. Kwa ife, chilichonse chimene chalowa m'magazi chimakhala momwemo mpaka tsiku la makina, ndipo tsikulo likalumphidwa chimaunjikana. Magineziyamu akadutsa 2 pa lita munthu amayamba mseru, kuwodzera ndi kufooka. Akakwera kwambiri BP imatsika, mtima umagunda pang'onopang'ono, miyendo imakana kunyamula thupi, ndipo pamapeto pake kupuma kumaleka.

Mmodzi wa ife, mayi wa cha ku Luwerezi, anapita pa kachipatala kena chilungulira chitamuvuta ali kumudzi. Anapereka buku lake. Amene anamuona anali ndi mzere wautali panja, anafunsa chimene chikuvuta, n'kulemba botolo la mankhwala oyera aja, amwe katatu pa tsiku. Mayiyo anamwa mokhulupirika. Sabata imeneyo ndalama ya basi inachedwa. Pofika tsiku lokwera minibasi ankachita kumunyamula, akulankhula ngati waledzera. Apongozi ake anali atayamba kale kunena zopita naye kwa sing'anga, poti matenda a impso iwo ankawadziwa ndi kutupa miyendo, osati kulefuka chotere. Atatsukidwa anatsitsimuka. Namwino wina ataona botolo m'chikwama anafunsa kuti, "Mayi, ichi anakupatsani ndani? Musadzamwenso." Magazi sanayezedwe magineziyamu tsiku limenelo, choncho m'buku mwake mulibe chilichonse chosonyeza chimene chinachitika, ndipo amene analemba mankhwala uja sanamve n'komwe. Adzalemberanso wina. Sitikumuimba mlandu. Buku limene anapatsidwa linali lodzaza zidindo ndi zolemba za madokotala osiyanasiyana, popanda mzere umodzi woonekera pachikuto wochenjeza kuti munthu uyu impso alibe.

Amene anaphunzira phunziro limeneli anasamukira ku omeprazole, kapisozi kamene kamathetsadi chilungulira. Koma mu 2011 bungwe loyang'anira mankhwala ku America, la FDA, linachenjeza kuti mankhwala a mtundu umenewu akamwedwa nthawi yaitali, makamaka kupitirira chaka, amatha kutsitsa magineziyamu m'magazi, chifukwa matumbo amalephera kumuyamwa bwino. Ife timawamwa zaka. Ndiye pa benchi limodzi pamakhala anthu awiri, wina mchere wamuchulukira chifukwa cha botolo, wina wamuchepera chifukwa cha kapisozi ndi kabichi, onse akudandaula kufooka ndi mtima wosakhazikika. Ndi maso simungawasiyanitse. Malangizo amene angapulumutse mmodzi angapweteke mnzakeyo.

Chotidabwitsa n'chakuti mchere umenewu si wachilendo m'zipatala zathu. Amayi amene ali pakati pathu amaudziwa kuchokera ku chikuta. Mayi woyembekezera BP ikakwera mpaka kukomoka ndi kugwedezeka, mzamba amamubaya magnesium sulphate, ndipo mankhwala amenewa apulumutsa amayi ambiri m'dziko muno. Koma mzamba aliyense anaphunzitsidwa kuti asanabayenso ayambe wagogoda bondo kuti aone ngati mwendo ukudumpha, awerenge kapumidwe, ndipo ayeze mkodzo umene watuluka. Mkodzo ukachepa, jakisoni wotsatira amaimitsidwa, ndipo calcium gluconate amakhala pafupi kuti athetse mphamvu yake. Ndiye kuti azaumoyo m'dziko lonse lino amadziwa kale kuti magineziyamu ndi mkodzo wochepa siziyendera limodzi. Nzeru imeneyi ili m'chipinda cha amayi oyembekezera, koma ikafika pa ife amene mkodzo unatha kalekale, imasowa.

Ena adzati tikukuza kanthu kakang'ono. Tikudziwa kuti chimene chimapha odwala impso msanga ndi potaziyamu, madzi odzaza m'mapapo, kuchepa kwa magazi ndi majeremusi olowera pa kapaipi ka m'khosi. Zimenezi ziyenera kukhala patsogolo, ndipo nazonso sitiyezedwa mokwanira. Koma magineziyamu si wongotaya. Mu 2014 dokotala wa ku Osaka, Yusuke Sakaguchi, ndi anzake anatulutsa kafukufuku wa odwala 142,555 a pa makina ku Japan, amene anawatsatira kwa chaka chimodzi. Anapeza kuti amene anali ndi magineziyamu wochepa ankamwalira kwambiri, ndi matenda a mtima komanso ndi matenda ena, ndipo amene anali naye wochulukitsa nawonso zinkawavuta. Amene ankakhala bwino ndi amene muyezo wawo unali pamwamba pang'ono pa wa munthu wabwinobwino. Kafukufuku wotere satsimikiza kuti kuchepa kwa mcherewo ndiko kunawapha, chifukwa munthu wodwalika amene sakudya amachepekedwa zinthu zambiri nthawi imodzi. Koma chimene ife tinatolapo n'chakuti ku Japan anatha kuwerenga anthu onsewo chifukwa anawayeza n'kulemba. Iwo amatsukidwa katatu pa sabata, sadya chidulo, ndipo sayenda makilomita 200 pa minibasi. Ngati kuyeza kuli kofunika kwa iwo, kwa ife amene timatsukidwa kawiri, timaphonya maulendo ndipo timagula mankhwala m'golosale, n'kofunika kuposa pamenepo. Zimene zinapezeka ku Osaka sizingatiuze mmene magazi a munthu wodya nsima ya ufa woyera alili. Zimenezo zingadziwike pokhapokha titayezedwa ifeyo.

Kuyezako si kovuta. Sipafunika kubaya kwina, chifukwa magazi amatengedwa pa singano yomweyo asanatilumikize ku makina, m'kabotolo komweko kamene amayezera urea ndi creatinine. Makina a ku labu amene amayeza zimenezo amathanso kuyeza magineziyamu, bola pakhale mankhwala ake oyezera, ndipo dokotala alembe padera, chifukwa sakhala m'gulu la zoyezedwa masiku onse. Pali zoti asamale. Magazi akaikidwa m'kabotolo ka chivindikiro chapepo, kaja koyezera kuchuluka kwa magazi, mankhwala a m'katimo amagwira magineziyamu ndipo nambala imatuluka yotsika monama. Akakhalitsa osasefedwa, kapena akagwedezeka mpaka maselo ofiira kusweka, nambala imakwera monama, ya potaziyamu ndiye kwambiri. Akatengedwa munthu atatsukidwa kale, amangosonyeza za m'chigubu. Zonsezi anthu a ku labu amazidziwa kuposa ife. Chimene chimawasowa ndi chimene timamva mwezi ndi mwezi: "Agogo, ma reagent anatha. Ngati mungakwanitse, kayezetseni kolipira."

Kolipira kuliko, ndipo amene ana awo atumiza ndalama sabata imeneyo amapita. Enafe timasankha pakati pa pepala la ku labu ndi basi yobwerera. Timamva kuti mankhwala oyezera amagulidwa kunja, kuti ndalama zakunja zikusowa, ndiponso kuti kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonse zinakwera mtengo. Ifenso tinali m'dziko momwemo, ndipo mtengo wa minibasi unatiuza tsiku lomwelo. Koma sefa, mapaipi, zigubu ndi singano nazonso zimachokera kunja, ndipo ulendo umodzi pa makina umadya ndalama zambiri kuposa kuyeza kamodzi. Boma limalipira chachikulucho n'kusiya chaching'ono chimene chikadasonyeza ngati chachikulucho chikugwira ntchito. Ife tikuganiza kuti pogula zipangizo za makina, mankhwala oyezera a odwala omwewo azigulidwa pa pangano limodzi ndi kusungidwa padera, kuti asamathere pamodzi ndi a chipatala chonse. Odwala a pa makina m'dziko muno ndife owerengeka, ndipo mayina athu onse ali m'kaundula. Kuwerengera kuti tifunika mabotolo angati pa chaka si ntchito yofuna katswiri wochokera kunja.

Palinso nkhani ya madzi, imene ambiri saiganizira. Ulendo umodzi wa maola anayi, malita pafupifupi 120 a madzi amadutsa pafupi ndi magazi athu, atalekanitsidwa ndi kakhungu kopyapyala ka mu sefa basi. Munthu amene amaletsedwa kumwa kupitirira lita imodzi pa tsiku amakumana ndi madzi ochuluka chotero kawiri pa sabata. Madzi a pansi pa nthaka amakhala ndi kashiyamu ndi magineziyamu, zoyera zija zimamatirira m'ketulo, ndipo n'chifukwa chake pa malo aliwonse otsukira magazi pamakhala chipinda cha matanki osefera madzi. Mu 1967 madokotala a ku Iowa ku America analemba za odwala amene anayamba kusanza, kufooka ndi kukwera BP ali pa makina, chifukwa chipangizo chofewetsa madzi chinali chitawonongeka ndipo michere iwiriyi inkalowa m'magazi awo. Ife timaona magetsi akuzimazima ndi madzi a m'mipope akubwera ofiira nthawi ya dzinja. Tsiku limene anthu angapo asanza nthawi imodzi pa makina, timayang'anana. Tikupempha kuti madziwo aziyezedwa pa nthawi yake ndipo pepala la zotsatira lizimatidwa pakhoma pomwe tonse tingalione, ndi deti lake.

Musatiuze kuti dziko losauka silingathe kutsatira manambala a wodwala. Ena a ife tilinso pa ma ARV. Magazi oyezera kuchuluka kwa kachilombo amatengedwa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, anyamata a njinga zamoto a Riders for Health amawanyamula kupita nawo ku labu, zotsatira zimabwerera, zimalembedwa pa khadi, ndipo mlangizi amakhala nawe pansi n'kukufotokozera. Mayi amene sanapite patali ndi sukulu amakuuza yekha kuti kachilombo kake sikakuoneka. Mayi yemweyo mukamufunsa potaziyamu wake wa mwezi watha, sadziwa. Tikudziwa kuti magazi athu ndi ovutirapo kunyamula, chifukwa amafunika kuzunguzidwa pa makina kuti madzi ake apatuke asanayende ulendo. Koma zipatala za m'maboma ndi za mishoni zazikulu zili ndi ma labu. Wodwala wa pa makina akafooka ali kumudzi, payenera kukhala malo m'boma la Mzimba momwemuno pomwe angayezedwe potaziyamu ndi magineziyamu tsiku lomwelo, ndi nambala ya foni imene dokotala wa pamenepo angaimbe kuti alankhule ndi anzake a ku makina, m'malo momukweza minibasi munthu amene mtima wake ukhoza kuima pa Chatoloma.

Anamwino athu tilibe nawo chifukwa. Amafika m'mamawa ife tisanafike, amatibaya pa mitsempha yotopa, amatidziwa mayina ndi mayina a ana athu, ndipo mmodzi wa ife akamwalira nawonso amalira. Ndi ochepa, ndipo akamatiyankha mwachidule timadziwa kuti alarm ya makina ena ikulira. Koma kuchepa kwawo n'kumene kukuchititsa kuti pepala likhale lofunika. Wodwala amene akudziwa manambala ake amadzilondera yekha. Akaona fosifeti ali bwino ndipo magineziyamu watsika, angathe kukambirana ndi dokotala zobwezeretsa kambale ka nkhwani zotendera kamodzi pa sabata, m'malo mosala zonse ndi mantha mpaka thupi kutha. Akaona wakwera, amayamba yekha kufufuza m'chikwama kuti wamwa chiyani. Dokotala naye akaona kuti odwala ambiri ali pansi, ali ndi chifukwa chopemphera zigubu za muyezo wina, poti zilipo za 0.75. Popanda manambala aliyense amangoganizira, ndipo wodzudzulidwa amakhala wodwala.

Pempho lotsika mtengo kuposa onse ndi la chidindo. Pachikuto cha buku la aliyense wa pa makina padindidwe mawu akuluakulu, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, onena kuti munthuyu ali pa makina otsuka magazi (dialysis), asapatsidwe magnesium trisilicate kapena mankhwala otsegula m'mimba okhala ndi magineziyamu, ndipo dokotala afunse kaye asanalembe mankhwala ena alionse. Uthenga womwewo upite kwa ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono, kwa alangizi a zaumoyo a m'midzi ndi kwa ogulitsa m'mafamase. Mkati mwa bukulo mukhale tsamba limodzi la mizere, lolembapo deti, kuchuluka kwa magazi, potaziyamu, kashiyamu, fosifeti ndi magineziyamu. Zinazo ziziyezedwa mwezi uliwonse. Magineziyamu ngakhale atamayezedwa kamodzi pa miyezi itatu, ndiponso nthawi iliyonse imene munthu wafooka mosadziwika bwino, wakokana minofu kosalekeza kapena wapezeka ndi botolo lija, ife tivomera.

Ndipo mwezi umene mankhwala oyezera atha, mzere wa mwezi umenewo usasiyidwe wopanda kanthu. Palembedwe kuti "sanayezedwe, mankhwala kulibe", pakhale deti ndi siginecha. Tikufuna kuti pakatha chaka, inu akuluakulu mukadzabwera kudzayendera pa tsiku lokumbukira impso m'mwezi wa Malichi, tidzakutsegulireni mabukuwo muwerenge nokha mizere imeneyo.